Zanyengo muli m'ndege: FIS-B yaulere kapena SiriusXM yolipira?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wakwathu amene akuphunzira kuyendetsa ndege zing'onozing'ono ku Florida. Akuti watsala pang'ono kuyamba maulendo ataliatali ali yekha mu Cessna 172, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kumalipira mwezi ndi mwezi kampani ya SiriusXM, yomwe imatumiza uthenga wa zanyengo m'ndege, pomwe njira ina yotchedwa FIS-B imapereka uthengawu kwaulere.

Achimwene, tiyambire kumene uthengawo umachokera, chifukwa kusiyana konse kwagona pamenepo. FIS-B ndi gawo la ADS-B, dongosolo lodziwira pamene ndege zili la bungwe la FAA loyang'anira za ndege ku America, ndipo imaulutsidwa kuchokera pa nsanja zapansi pa 978 MHz. Mukagula kachipangizo kolandirira monga Stratus, Sentry kapena Garmin GDL 50 n'kukalumikiza ku iPad yokhala ndi pulogalamu ya ForeFlight kapena Garmin Pilot, mumalandira METAR (momwe nyengo ilili pabwalo la ndege), TAF (momwe ikuyembekezeka kukhalira), malipoti a oyendetsa ndege anzanu, machenjezo a nyengo yoipa a AIRMET ndi SIGMET komanso chithunzi cha mvula chochokera ku marada a zanyengo a NEXRAD, osalipira kalikonse. Kuyambira 2018 anawonjezeramo za ziphaliwali, za madzi oundana pamapiko ndi za kutalika kwa mitambo. Vuto lake ndi lakuti nsanjayo iyenera kukuonani: phiri likatchinga, kapena mukakhala pansi pa kabwalo kakutali, simulandira kanthu mpaka mutakwera m'mwamba.

SiriusXM imachokera ku masetilaiti, motero imakupezani ngakhale injini musanailize, ngakhale muli m'chigwa cha ku Idaho kapena Colorado, ndipo imafika madera ambiri a Canada kumene FIS-B kulibe. Chithunzi chake cha dziko lonse chimaonekanso bwino kuposa cha FIS-B, chomwe chimakhala cha timabokosi tikuluikulu pamalo akutali ndi inu. Pamafunika chipangizo chake, monga GDL 51, kapena GDL 52 yomwe imalandira zonse ziwiri.

Kwa inu amene mukuuluka ku Florida, dziko lachidikha lopanda mapiri, ine ndikuona kuti FIS-B ndi yokwanira. Muli pansi muli ndi intaneti ya pafoni, ndipo mukangokwera pang'ono nsanja zimakupezani. Ndalama ya SiriusXM muigwiritse ntchito kuwonjezera maola ophunzira, ndipo mudzaiganizirenso mukadzayamba kuuluka kumapiri.

Koma pali chinthu chimene chimandidetsa nkhawa kuposa za ndalamazi, ndipo chimakhudza njira zonse ziwiri mofanana. Chithunzi cha mvula chimene mumaona pa iPad si cha nthawi yomweyo. Rada iliyonse ya NEXRAD imatenga mphindi zingapo kuti iunike thambo lonse, kenako zithunzi za marada ambiri zimasonkhanitsidwa n'kulumikizidwa, pambuyo pake n'kutumizidwa kwa inu. Mu 2012 bungwe la NTSB, lofufuza ngozi za ndege ku America, linachenjeza kuti nthawi yolembedwa pachithunzipo imangonena pamene chinalumikizidwa, ndipo nyengo imene chikuonetsa ikhoza kukhala yakale ndi mphindi 15 mpaka 20 kuposa pamenepo zinthu zikafika poipa.

Tiyerekeze kuti ndi masana a mwezi wa July, iPad ili pabondo, ndipo pakati pa madontho awiri ofiira osonyeza mvula yamphamvu mukuona kampata kobiriwira. Mtima umati ndidutse pomwepa. Komatu mtambo wamabingu woyenda pa liwiro la manoti 30 (mamailosi 30 a panyanja pa ola) umasuntha mamailosi 10 a panyanja m'mphindi 20, ndipo ku Florida mitambo yotere imatha kukula msanga pamalo pomwe panali poyera. Kampata kaja mwina katsekeka kale. N'chifukwa chake FAA imalangiza kutalikirana ndi mtambo woopsa wamabingu ndi mamailosi osachepera 20. Chithunzicho chikuthandizeni kusankha mudakali kutali kuti mulambalala mbali iti kapena mukatera pabwalo liti kudikira, koma mukayandikira, khulupirirani zimene maso anu akuona pawindo ndi zimene oyang'anira ndege akukuuzani pawailesi.

Popeza munatchulanso zodzabwerera kumudzi, dziwani kuti njira ziwirizi sizifika ku Malawi. Ponyamuka pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport mudzadalira METAR ndi TAF za nthambi yoona zanyengo musanakwere m'ndege. Mukagula Stratus mubwere nayo ndithu, chifukwa GPS yake idzagwira ntchito ndipo idzakuonetsani ndege zapafupi zimene zikuulutsa pa 1090 MHz, koma chithunzi cha mvula sichidzabwera.