Funsani Malume: Sinowo wa mu Epulo ku Aviemore, tipite kapena nkutaya ndalama?

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa abale athu okhala ku Scotland, kaya mwapangana kaya ndi holide ya Isitala yakusokosani, koma nonse nkhani yake ndi yakuphiri. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula chifukwa anthu inu kulemba ngati mukupereka umboni kukhoti.

Malume, ndine nesi kuno ku Glasgow, chaka chachitatu tsopano. Anzanga akuntchito akuti pa Isitala tipite ku Aviemore tikapange ski, masewera otsetsereka pa sinowo utavala timatabwa titalititali kumapazi. Ine sinowo ndimangomuonera pawindo basi, nde chikundidabwitsa nchoti maluwa ayamba kale kutuluka mmapaki muno, sinowo wakeyo tikamupeza kuti? Asakandidyetse ndalama zanga zaulere anthuwa. Ndine Nesi wotopa, Glasgow.

Achemwali, pitani. Ngati pali nthawi yabwino yoti munthu wosadziwa kalikonse akayambe zimenezi ndi yomweyi, kumapeto kwa Malichi mpaka mkati mwa Epulo, osati mu Januwale momwe dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane komanso mphepo yake imachita kuluma makutu. Mu Epulo mawotchi amakhala atasunthidwa kale Lamulungu lomaliza la Malichi, kunja kumawala mpaka cha mma 8 madzulo, ukatsika kuphiri nthawi imakhalapobe yoti uyendeyende.

Za maluwazo musadabwe. Aviemore ndi tauni ya mchigwa, mukatsika sitima kumeneko, ndipo kuchokera ku Glasgow Queen Street ndi ulendo wa maola pafupifupi atatu, mwina simuona sinowo olo pang'ono pansi. Sinowo ali kumtunda ku Cairn Gorm, makilomita cha mma 15 kuchokera mtauni, mukadutsa nyanja ya Loch Morlich nkuyamba kukwera. Phirilo lili ndi zigwembe zikuluzikulu zoyang'ana kumpoto zomwe dzuwa silifikamo bwino, eni ake amati ma corrie, nde mphepo ya nyengo yonse yozizira imakhala ikukankhira sinowo mmenemo, anaikanso mipanda yamatabwa yomutchinga kuti asauluzike. Amaunjikana mmenemo moti pena maluwa ali mbuu kumusi iye akadali phwii kumtunda. Anthu akhala akutsetsereka pamenepo kuyambira 1961 pomwe anaika lifiti yoyamba yokwezera otsetsereka kuphiri.

Koma ndisakunamizeni, ku Scotland sinowo alibe pangano ndi munthu. Chaka china amafika mpaka Meyi, chaka china pofika Isitala pamakhala patsala timizere chabe ndi udzu. Zinthu zasintha ndithu, pa phiri la Braeriach pafupi pomwepo pali kachigamba ka sinowo kotchedwa Sphinx komwe kale kankatha zaka makumi angapo osasungunuka, koma kuyambira 2017 kakhala kakutheratu pafupipafupi. Nde musalipiretu zonse mwezi wathunthu usanafike, onani kaye lipoti lawo pa intaneti masiku awiri atatu musananyamuke, ndipo mmawa wa tsikulo onaninso chifukwa chomwe chimatseketsa malifiti kawirikawiri kumeneko ndi mphepo. Kukakanika ku Cairn Gorm kuli malo ena anayi, Glenshee, The Lecht, Glencoe ndi Nevis Range, ndipo Glencoe ndi kufupi kwa inu a ku Glasgow.

Chomwe ndikufuna mumvetse kwambiri ndi khalidwe la sinowo wa nyengo ino chifukwa tsiku limodzi amasintha katatu. Usiku amaundana, nde mukalawirira 9 koloko mukamupeza ali gwa ngati simenti, ukagwa pamenepo thako limadziwa. Dzuwa likakwera cha mma 10 kapena 11 pamwamba pamafewa, amakhala timibulu ngati shuga wonyowa, apa ndi pokomera penipeni, ski imamvera, ukagwa sizipweteka kwenikweni. Ikamakwana 2 kapena 3 wasanduka phala, wolemera, amagwira ski mwadzidzidzi ngati wina wakupondera buleki, ndipo nthawi imeneyo miyendo yatopa kale, mawondo ambiri amapotokera pamenepo. Ine ulendo wanga woyamba ndinakakamira kuti ndalipira tsiku lonse ndiyenera kulidya lonse, kamodzi komaliza kaja ndi komwe kanandiyendetsa motsimphina sabata ziwiri. Mukamva ntchafu zayamba kunjenjemera kavuleni, mukamwe tiyi.

Anzanuwo asakuphunzitseni okha, lipirani mphunzitsi olo maola awiri. Mnzako amene amatha amaiwala kuti mantha ndi chani, amangoti tiye ukaona konko. Mphunzitsi amayamba ndi kukuonetsani kuima, nsonga zakutsogolo kuziyandikizitsa zakumbuyo kuzitalikitsa ngati chidutswa cha pizza, kenako kukhota. Njira zimakhala ndi mitundu, yobiriwira ya ophunzira, kenako yabuluu, yofiira, yakuda ndi ya akatswiri, inu tsiku loyamba khalani pa yobiriwira basi osachita manyazi kuti tiana ta zaka zisanu tikukudutsani. Malifiti ambiri kumeneko ndi okoka, kachitsulo kokhala ndi kambale umakapana pakati pa miyendo nkumakukoka uli chiimire. Osakhalapo chonde, si mpando, aliyense woyamba amakhalapo nkugwa mzere wonse ukuonerera kkkk.

Ski, nsapato zake, ndodo ndi helemeti mukabwereka komweko kapena mtauni, musagule. Jinzi ayi, ikanyowa imakhala yonyowa tsiku lonse. Valani zopyapyala zingapo zosanjikiza zoti kukatentha muzivula chimodzichimodzi, pamwamba jekete ndi thalauza yosalowa madzi, magolovesi osalowa madzi, sokosi peyala imodzi yokha yaitali chifukwa mukaphatikiza ziwiri zimapindika mu nsapato nkukutupitsani matuza. Zonsezi mu ma charity shop zimapezeka, kaunjika wa kunoko.

Malume, ine ndi wa ku Mulanje, Sapitwa ndinakwera kawiri. Ndaona kuti Cairn Gorm ndi mamita 1,245 okha, kwathu chimenecho ndi chulu. Za ski sindikuzifuna, ndikufuna ndikangokwera wapansi ndi ma trainer anga nkukajambulitsa pamwamba. Pali vuto? Ndine Mlomwe weniweni, Edinburgh.

Vuto lilipo mphwanga, lalikulu. Zoona Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo olo Ben Nevis yemwe ndi wamtali kuposa onse ku Britain ndi 1,345 basi. Koma phiri sitiyeza ndi tepi yokha. Cairn Gorm ali kumpoto kwenikweni kwa dziko, pamwamba pake ndi chidikha chachikulu chopanda mtengo olo umodzi, popanda pobisala, zomera ndi mbalame zake ndi za ku Arctic. Pa 20 Malichi 1986 makina a pamwamba pa phiri lomwelo anayeza mphepo ya mamailosi 173 pa ola, kumeneko ndi pafupifupi makilomita 278, ndipo ndi rekodi ya UK yonse. Waona detilo? Malichi, nyengo yomweyi imene anthu amati kwayamba kufunda.

Chiperoni ukuchidziwa, mmene chimatsekera Mulanje mwadzidzidzi uja. Tsono ganiza chiperoni chomwecho koma pansi palinso poyera, kumwamba koyera, kutsogolo koyera, sukudziwa ngati ukukwera kapena ukutsika, ndipo mmphepete mwa maphompho sinowo amachita kutulukira kunja ngati khonde lopanda mzati, ukaponda poganiza kuti ndi nthaka umapita nalo. Mu Novembala 1971 ana asukulu asanu ochokera ku Edinburgh komwe uliko limodzi ndi mtsikana wina wothandizira kuwatsogolera anafera pachidikha chimenecho atatsekeredwa ndi mkuntho wa sinowo. Anthu a kuno nkhani imeneyi saiiwala.

Mu Epulo pamwamba paja ikadali nyengo yozizira, pamafunika nsapato zolimba, zitsulo zamano zomangira kunsi kwa nsapato, kankhwangwa ka pa ayezi, mapu ndi kampasi, komanso kudziwa kuzigwiritsa ntchito chifukwa kungonyamula sikupulumutsa munthu. Foni usaidalire, batire limafa msanga kukazizira. Bungwe la Scottish Avalanche Information Service limatulutsa lipoti tsiku lililonse kuyambira mu Disembala mpaka chapakati pa Epulo lonena za ngozi ya sinowo wogumuka, ndipo masiku ofunda ngati ano wonyowa uja amagumuka masana. Ngati mtima uli pomwepo, kumusi kwa phiri lomwelo kuli Glenmore Lodge komwe amaphunzitsa zoyenda mmapiri nyengo yozizira, kalembetse. Apo ayi kwera kaphiri ka Meall a' Bhuachaille kuseri kwa Glenmore tsiku loti kwacha bwino, mamita 810, chithunzi chake chimatuluka bho ndipo Cairn Gorm amaoneka yense kumbuyo kwako. Zikavuta imba 999, unene kuti police kenako mountain rescue. Ndipo olo ku Mulanje sunapite wekha, unali ndi gaidi, usatinamize.

Malume, mkazi wanga akuti tigule mafuta oteteza kudzuwa. Ife anthu akuda ndi dzuwa la ku Scotland, zoona? Ndine Bambo a Tadala, Aberdeen.

Mverani mayi akunyumba bambo. Sinowo watsopano amabweza mpaka 80 peresenti ya cheza cha dzuwa chija chowotcha khungu, nde chimakumenyani kawiri, kuchokera kumwamba ndi kuchokera pansi, kunsi kwa mphuno ndi chibwano komwe. Poti kukuzizira simumva kuti mukupsa. Khungu lathu limapirira kuposa la azungu inde koma milomo imasweka ndipo mphuno imasupuka. Chachikulu ndi maso, amenewo alibe mtundu. Tsiku lonse pa sinowo opanda magalasi, usiku wake mudzamva ngati wina wakuthirani mchenga mmaso, misozi osaleka. Magalasi akuda otchinga cheza chowotcha chija, amati UV, kwa aliyense, a Tadala omwe.

Malume, apongozi anga abwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona zidzukulu. Bambo akunyumba ndi mwana wamkulu akukapanga ski, nanga ine, agogo ndi kamwana ka zaka zinayi tikatani kumeneko? Sindikufuna akangokhala mgalimoto. Ndine Mayi wa awiri, Dundee.

Mayi, mwina inuyo ndi amene mukasangalale kuposa otsetserekawo. Dera lonselo lili mu Cairngorms National Park, paki yaikulu kuposa zonse ku UK, inakhazikitsidwa mu 2003, ndipo zambiri zokoma zili kumusi. Yambani ndi Loch Morlich, nyanja yokhala ndi mchenga weniweni mmbali ngati ku Senga Bay kuchepa chabe, kumbuyo kwake mapiri oyera, agogo akajambulitse pamenepo akasokoneze gulu la WhatsApp la kumpingo. Madziwo asakuputsitseni, ndi sinowo wosungunuka, mwana asalowemo. Njira zozungulira nyanjayo komanso za ku Loch an Eilein mnkhalango ya Rothiemurchus ndi zosalala, agogo atha kuyenda pang'onopang'ono.

Pafupi pomwepo ku Glenmore kuli ma reindeer, nyama zija amati zimakoka ngolo ya Father Christmas, kamwanako kakapenga nazo. Anabwera nazo mu 1952 ndi bambo wina wa mtundu wa Sami wochokera ku Sweden dzina lake Mikel Utsi, ndipo pano zilipo pafupifupi 150 zimayenda momasuka mmapirimo. Pali ulendo woyenda ndi owetawo kukaziona kuphiri koma umafuna kubukitsiratu komanso njira yake ndi yamiyala ndi matope, muone kaye mawondo a agogo.

Chomwe ine chimandikomera kwambiri ndi ku Loch Garten. Kumeneko kumabwera mbalame yodya nsomba yotchedwa osprey, tingoti msuweni wake wa nkhwazi, imathawa kuzizira nkukakhala ku West Africa, ku Senegal ndi Gambia uko, nde kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo imabwerera kudzaikira mazira. Inali itatheratu ku Scotland, mpaka mu 1954 pomwe ziwiri zinadzamanga chisa pa Loch Garten. Muwauze agogo kuti nayonso ndi yobwera ngati ife tomwe, kusiyana kwake iyo kwawo imapita chaka chilichonse osadandaula za tikiti. Ngati miyendo yakana, pa siteshoni ya Aviemore pomwepo pamanyamuka sitima yakale yamalasha ya Strathspey Railway yodzera ku Boat of Garten, mumangokhala nkumamwa tiyi. Kulinso kasitima kokokedwa ndi chingwe kokwera Cairn Gorm mpaka pa siteshoni yakumtunda ya Ptarmigan, mamita 1,097, kanatsegulidwa mu 2001 koma kakhala kakuimitsidwa nthawi zitalizitali pokonzedwa, nde onani kaye ngati kakuyenda musanawalonjeze agogo.

Mukayenda mu udzu ndi mtchire madzulo muwayang'ane ana mthupi, nkhupakupa zimayamba nyengo yomweyi ndipo zina zimapatsa matenda a Lyme. Agogo a ku Ntcheu nkhupakupa akuzidziwa, ntchito imeneyo apatseni iwowo.

Malume, ife a ku Joni tilibe mwayi? Ndamva ku Lesotho kuli ski, ndikufuna ndipite mu Seputembala kukafunda pang'ono. Ndine Mnyamata wa ku Mangochi, Johannesburg.

Kuliko aise, Afriski, mmapiri a Maloti pamtunda wopitirira mamita 3,000, ndipo kuchokera ku Joni ndi maola anayi ndi theka kapena asanu pagalimoto, kudzera pa boda ya Caledonspoort kufupi ndi Fouriesburg kenako Butha-Buthe. Koma Seputembala wachedwa, kumeneko nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti, sinowo wambiri ndi wopanga ndi makina usiku kukazizira ndipo kukangofunda amatha msanga, ukapezako anthu a njinga zamphiri ndi oyenda wapansi. Ngati ukufuna wofewa ndi kadzuwa pita mu Ogasiti. Pamtunda umenewo mpweya ndi wochepa, tsiku loyamba mutu umatha kuwawa, imwa madzi ambiri mowa uyambe wadikira. Ndipo Lesotho ndi dziko lina, pobwerera ukalowanso South Africa pa boda, nde ona kaye pasipoti ndi pemiti yako kuti zili bwanji usanathire petulo.