Musanagawe diskiyo kuti muikepo Ubuntu

Achimwene, mwati mukufuna Ubuntu pambali pa Windows 10 osataya mafayilo. Ine ndiyankha za kugawa diski basi, zoti Linux yabwino ndi iti akambe ena.

Amene akuti poika Ubuntu mungodina "Install alongside Windows" adumpha zinthu ziwiri zimene zimaliza anthu. Choyamba ndi BitLocker, pulogalamu ya Windows yokhoma diski ndi kiyi. Malaputopu ambiri atsopano amabwera diski ili yokhoma kale, mwiniwake osadziwa n'komwe. Lowani mu akaunti yanu ya Microsoft, mukopere papepala recovery key ya manambala 48, kenako muzimitse BitLocker ndipo mudikire mpaka imalize. Mukapanda kutero Windows ikhoza kukufunsani kiyiyo mukangosintha za boot, ndipo ngati mulibe, mafayilowo muwaiwale. China ndi Fast Startup, yomwe imathandiza Windows kuyaka msanga. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe powercfg /h off kuti muizimitse. Fast Startup ikakhala yoyaka, Windows sitseka diski bwinobwino, ndiye Linux imakana kulemba pa C:.

Malo a Ubuntu mudule muli mu Windows momwemo. Tsegulani diskmgmt.msc, dinani kumanja pa C:, musankhe Shrink Volume. Ubuntu imalowa pa 25GB koma sachedwa kudzaza, bola 60GB, kutanthauza kuti mulembe 61440 poti kabokosiko kamawerenga ma MB. Malo otsalawo muwasiye ali Unallocated, osawapanga format. Ikamangolola kudula pang'ono pomwe diski ili ndi malo ambiri, ndiye kuti pagefile (fayilo imene Windows imaigwiritsa ntchito ngati RAM yowonjezera) kapena za System Restore zakhala kumapeto kwa C:. Zimitsani zimenezo kaye, muyatsenso kompyuta, muyeserenso.

Musanakonze fulashi ya 8GB pa Rufus, pulogalamu yoikira Ubuntu pa fulashi, onani BIOS Mode mu msinfo32. Ikalemba UEFI sankhani GPT pa Partition scheme mu Rufus. Ikalemba Legacy, diski yanu mwina ndi ya MBR, yomwe imalola ma primary partition anayi okha, ndipo ma HP ena akale ankabwera anayi onsewo atatengedwa kale. Pamenepo musafufute chilichonse, tumizani kaye chithunzi cha Disk Management tione. Kapatishoni ka EFI ka pafupifupi 100MB ako musakapange format, Windows imadzukira pomwepo.

Ngati ndi desktop yopanda UPS, kapena batire la laputopu linafa, samalani kwambiri. Magetsi akazima diski ili mkati mogawidwa, patishoni imatha kuwonongeka, ndiye mafayilo ofunika muwasungiretu pa external drive.

Mukamaliza, wotchi ya Windows ikamatsalira ndi maola awiri, lowani mu Ubuntu, mutsegule Terminal, mulembe timedatectl set-local-rtc 1.