Sender ya TV ndi rauta zikulimbirana malo amodzi

Achimwene, mwati mudagula sender, kachipangizo kotumiza chithunzi kuchokera pa dikoda ya pabalaza kupita ku TV ya kuchipinda popanda waya, ndipo chiyambireni tsiku limenelo intaneti ya m'nyumba ikuchedwa, pomwe TV ya kuchipindayo ikuonetsa mizere yopingasa, mawu n'kumathetheka. Ena ayankha kuti kampani ya intaneti ikukuberani bandulo. Pa nkhaniyi kampaniyo ilibe mlandu. Tayesani kaye izi: zulani sender pa soketi, mutsegule vidiyo pa foni. Ikayenda bwino, wolakwa mwamupeza. Kenako bwezerani sender, muzimitse rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi m'nyumba kaja. Mizere ija ikazimiririka, ndiye kuti awiriwa akupwetekana okhaokha.

Tembenuzani sender-yo muwerenge kapepala ka pansi. Ndikuganiza mupeza polembedwa 2.4GHz, chifukwa zotsika mtengo zambiri n'za pamenepo. Rauta yanu nayo ili pomwepo. Malo onse a mafunde a wailesi a 2.4GHz amenewa ndi ochepa, kuyambira 2400 mpaka 2483.5 MHz (1GHz ndi 1000 MHz), ndipo munthu safunika laisensi kuti awagwiritse ntchito, n'chifukwa chake aliyense adakhamukira komweko: Wi-Fi, Bluetooth, makamera opanda waya, ngakhale microwave ya kukhitchini imene imatenthetsa chakudya pa 2450 MHz.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti zipangizo ziwirizi makhalidwe ake ndi osiyana. Wi-Fi imayamba yamvetsera isanatumize kanthu, ikamva kuti wina akuyankhula imadikira. Sender ya analogi simvetsera. Mukangoiyatsa imafuula osapumira, kaya kuchipindako TV ikuonedwa kaya ayi. Ndiye rauta imangokhalira kudikira mpata umene sukubwera, ndipo zimene yatumiza zikaonongeka panjira imazibwereza mobwerezabwereza, liwiro n'kutsika. Koma nayo rauta imabwezera. Ngakhale pasakhale munthu pa intaneti, imalengeza dzina la netiweki yake pafupifupi kakhumi pa sekondi iliyonse, ndipo kulengeza kumeneko ndi kuthetheka mukumva kuja. Mwana akayamba kutsitsa gemu, mizere imachuluka mpaka mpira osaonekanso.

Tsono manambala, pirirani nawo pang'ono chifukwa mankhwala ali pamenepa. Matchanelo a Wi-Fi amatalikirana ndi 5 MHz basi, pomwe tchanelo chimodzi chimadya malo okwana 20 MHz kapena kupitirira pang'ono. Tchanelo 1 chili pa 2412, tchanelo 6 pa 2437, tchanelo 11 pa 2462, ndipo 13 chili pa 2472. Ma sender ambiri ali ndi matchanelo anayi osankhira pa kaswitchi kakumbuyo: 2414, 2432, 2450 ndi 2468. Mukuona nokha kuti rauta ikakhala pa 6 imakhudza tchanelo chachiwiri ndi chachitatu cha sender nthawi imodzi. Choncho zikankhireni kumalekezero. Rauta pa tchanelo 1, sender pa 4. Kapena rauta pa 11 kapena 13, sender pa 1. Kumbukirani kusintha kaswitchi mbali zonse ziwiri, kotumiza ndi kolandira, apo ayi kuchipinda kungobwera timadontho tokhatokha popanda chithunzi.

Kuti musinthe tchanelo cha rauta, lembani adiresi yake mu browser. Nthawi zambiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndipo za Huawei zambiri ndi 192.168.8.1, koma onani pa kapepala kake. Mukalowa, chotsani pa Auto, chifukwa Auto imatha kusamuka yokha magetsi akathima n'kuyakanso, n'kukakhala pomwe pali sender. Pomwepo muonenso kukula kwa tchanelo: ngati pali 40 MHz ikani 20 MHz. Pa 40 rauta imadya pafupifupi theka la malo onse, sender n'kusowa kothawira.

Wina wakulangizani kuti mutsitse app yoyezera Wi-Fi. Ndi yothandiza kuona matchanelo a oyandikana nawo nyumba, koma sender siiona ayi, chifukwa imangowerenga zimene zili Wi-Fi. Ikuuzani kuti tchanelo chakuti n'chopanda munthu pomwe ndi pamene sender yakhala. Ine zimenezi zidandipusitsa sabata yathunthu, ndikusinthasintha matchanelo motsatira app, mpaka ndidakabweza rauta kwa amene adandigulitsa poganiza kuti ndi yakufa. Rautayo idalibe vuto.

Malo nawo ali ndi gawo. Ambiri timaika rauta pamwamba pa dikoda chifukwa soketi ili pomwepo. Isunthireni kutali, ngakhale mamita atatu okha. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya siginolo imatsika kanayi. Chofunika kwambiri n'chakuti rauta isayandikire mbali yolandira ya kuchipinda ija, ndipo ngati sender ili ndi tinyanga tophwatalala tija, tiyang'anizane.

Ngati rauta yanu ili ndi 5GHz, samutsirani mafoni ndi laputopu kumeneko, pa tchanelo 36 mpaka 48, kenako 2.4 muisiyire sender. Chenjezo lake n'lakuti 5GHz sipyola bwino makoma a njerwa zootcha, ndiye chipinda chakumapeto chitha kusowa netiweki, komanso mafoni ena akale saiona n'komwe. Njira ina ndi kugula sender ya 5.8GHz. Imathandiza ndithu, bola rauta isakhale pa matchanelo 149 mpaka 165, chifukwa amenewo ali pomwepo pa 5.8 ndipo mkangano uyambiranso. Musanyengedwe ndi zolembedwa mphamvu zambiri pa bokosi. Sender yamphamvu idzangopha Wi-Fi yanu pamodzi ndi ya aneba, ndipo pali malire a mphamvu amene bungwe la MACRA limayang'anira.

Mukandifunsa ine, ngati nyumbayo ndi yanu kapena eni ake sakaniza kuboola khoma, kokani waya. Onani kumbuyo kwa dikoda ngati kuli potulukira polembedwa RF OUT. Ngati kulipo, waya wa eriyo wa mtundu wa RG6 wodutsa m'siling'i uthetsa nkhani yonse, ndipo rauta idzapuma. Ngati muli pa lendi m'mdadada momwe khomo lililonse lili ndi rauta kapena MiFi yake, kusintha tchanelo kutha kuchepetsa mizere koma osaichotsa yonse, chifukwa rauta za anzanu simungazilamule.

Jambulani kapepala ka pansi pa sender ndi ka rauta muike pano, mubise pasiwedi yokha, tikuuzeni tchanelo chenicheni choti muike.