Ukufuna ntchito ya uphungu wa maganizo, koma wanditchulira dzina la mnzako

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa zaka 19 wa ku Namwera. Walemba MSCE ndipo wapeza mapointi 21. Akuti: "Kuyambira Fomu 2 anzanga amabwera kwa ine akakhala ndi mavuto, ndipo amachoka atapepukidwa mumtima. Ndikufuna ntchito ya uphungu wa maganizo. Bambo akuti imeneyo ndi ntchito yocheza ndi amisala, ndipite ku unamwino, apo ayi ndidikire mnyamata wina amene ali ku Joni adzandikwatire. Wina wandiuza za kosi ya masabata awiri, akuti ukamaliza umalandira satifiketi n'kuyamba kuona anthu. Ndichite chiyani?"

Makalata otere amandipeza chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka. Koma m'kalata iyi muli ndime ina imene sindinaiike pano. Pofuna kunditsimikizira kuti uli ndi mphatso, wandifotokozera za mnzako amene unamuthandiza: dzina lake, mudzi wake, sukulu imene ankaphunzira, ndi zimene zinamuchitikira usiku wina. Mwanawe, ine sundidziwa. Mnzakoyo anauza iwe, sanauze ine. Ndikudziwa kuti sunafune kumupweteka, koma ntchito imene ukuifunayo imayambira pamenepa, ndipo pamenepa wapunthwa.

Mlangizi wa ku Lilongwe akhoza kuthandiza munthu osadzakumananso naye moyo wake wonse. Ku Namwera, ku Makanjira kapena ku Malindi sizili choncho. Amene wakulirira Lolemba ukumana naye pa mjigo Lachiwiri, pa maliro Lachinayi, pa sadaka Loweruka. Mayi wina adzakuuza kuti mwamuna wake ku Joni anasiya kutumiza ndalama, akumva kuti anakwatira kumeneko, ndipo iye tulo sakuona. Mawa lake apongozi ake adzakuimitsa pamsika n'kukufunsa mwaulemu kuti mpongozi wawo amadzatani kwa iwe. Sungawauze zimene ananena. Sungavomere n'komwe kuti anabwera. Akakufunsa amfumu, yankho ndi lomwelo. Akakufunsa mayi ako okubereka muli pa nsima, yankho ndi lomwelo, ndipo adzakuona ngati wayamba mwano. Mukakumana panjira umadikira kuti iye ayambe kukupatsa moni, chifukwa mwina sakufuna kuti amene ali naye adziwe kuti mumadziwana. Kabuku ka zolemba zako umakatsekera, ndipo nkhani ya munthu suiika pa WhatsApp ngakhale utachotsa dzina, chifukwa kumudzi anthu amazindikira munthu ndi nkhani yake. Ukaulula kamodzi kokha, dera lonse limatseka pakamwa, ndipo amene amalipira ndi mayi wotsatira uja amene akanabwera asanamwe mankhwala a makoswe.

Chinsinsi chili ndi malire ake, ndipo mlangizi wophunzira amawanena pa tsiku loyamba, munthu asanayambe kufotokoza. Ngati munthu akufuna kudzipha, akufuna kuvulaza wina, kapena mwana akuchitidwa nkhanza, sukhala chete. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo loteteza ana la 2010 lilipo. Mtsikana wa Sitandade 7 akakuuza kuti amalume akumukonzera banja, nkhaniyo imapita ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena pa nambala yothandiza ana ya 116, ngakhale amalumewo akhale opemphera nawo limodzi.

Palinso zina zimene mwina sunaziganizire. Mlangizi sathandiza m'bale wake kapena mnzake wa pamtima, amamutumiza kwa wina. Ndiye anzako a Fomu 2 aja sadzakhala anthu ako a ku ntchito. Sapalana chibwenzi ndi amene akumuthandiza. Samubwereka ndalama. Msodzi akabwera ndi chambo kudzathokoza, umayenera kuganiza kaye kuti mawa adzayembekezera chiyani. Ku Mangochi kuli Asilamu ndi Akhristu, ndipo chipinda cha uphungu si malo otembenuzirako munthu. Mlangizi si nankungwi: nankungwi amalankhula namwali n'kumamvera, pamene mlangizi amamvetsera mpaka munthuyo aone yekha pothawira. Atsikana ambiri amene amandilembera kuti ali ndi mphatso amakhala akutanthauza kuti amadziwa kulangiza. Zimenezo kusukulu adzayamba kukuchotsa.

Kosi ya masabata awiri ija isiye. Imathandiza munthu wongodzipereka amene ali ndi womuyang'anira, koma siikupanga iwe katswiri. Mnyamata amene wayamba kumva mawu a anthu osaoneka, mayi amene wasokonezeka atangobereka, mwana wa khunyu, munthu wobwebweta chifukwa malungo alowa m'mutu, onsewa akufunika chipatala. Ena amathandizidwa pa Mangochi District Hospital, ena amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital. Ukamucheza munthu wa malungo a m'mutu masiku atatu poganiza kuti ndi nkhawa, udzaperekeza maliro ake. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna zaka, ndiponso wamkulu wa ntchito amene umakhala naye pansi n'kuunika mmene wagwirira.

Njira zenizeni zilipo. Sukulu ya zaumoyo ya Saint John of God ku Mzuzu imaphunzitsa dipuloma ya uphungu, ndipo University of Malawi ku Zomba ili ndi maphunziro a psychology (za maganizo ndi khalidwe la munthu), olowera kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Koma ndikuuze zoona: ntchito za uphungu wokhawokha zambiri zili m'mapulojekiti a mabungwe, ndipo thandizo la ndalama likatha, ntchito imathera pomwepo. Ngati m'mutu mwako muli ofesi ya ku Boma ndi galimoto ya bungwe, zichotse.

Njira imene ndimaikhulupirira kwa mwana wa ku Namwera ndi yodzera kuchipatala. Yamba ndi unamwino kapena udokotala wothandizira, gwira ntchito, kenaka uwonjezere maphunziro a matenda a maganizo, amene Saint John of God imaperekanso pa digiri. Ndi mapointi 21, ku Kamuzu University of Health Sciences mpikisano ndi woopsa, choncho usaike mtima pamalo amodzi. Lembera ku Malawi College of Health Sciences ndi ku makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga St Luke's ku Malosa, amene sali kutali ndi kwanu. Ubwino wake si malipiro okha. Namwino amalembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, wa udokotala ku Medical Council of Malawi, ndipo ukaulula chinsinsi cha wodwala pali kokakunenera, chiphaso n'kulandidwa. Munthu wosweka mtima amayenera chitetezo chimenecho. Wa satifiketi ya masabata awiri akalakwa, wodandaula alibe kopita.

Bambo, nkhaniyi mwana wanu akuwerengereni. Pa za unamwino tagwirizana, koma pa zifukwa tasiyana kutali. Amene mukuwatcha amisalawo ndi ana a anzanu amene chamba chawasokoneza kunyanja, ndi azimayi a m'mudzi mwanu momwemo, ndipo ambiri amachira akalandira thandizo msanga. Za mnyamata wa ku Joni zindikwiyitsa. Mwana wakhoza MSCE m'boma limene atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira, inu n'kumati akhale pakhonde kudikira foni? Ndalama ya fomu yolemberera sukulu mupezeni.

Iwe mwanawe, mtima wofuna kumvetsera anthu uli nawo, ndipo umenewo sukulu siingakupatse. Ndime ija ndaifufuta, palibe wina amene adzaione kwa ine. Usanalembere sukulu iliyonse, pita kwa mnzakoyo, umuuze kuti nkhani yake unaifotokozera munthu wachilendo, ndipo umupepese. Ukatero undilemberenso, undiuze magiredi ako a Biology, Chemistry ndi Masamu, tione makoleji amene ungayambire.