Mphindi zoyamba zodzaza tundish: yankho kwa mphwanga wa ku Highfield

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Highfield, mdzukulu wa anthu amene anachoka ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito kuno ku Harare. Akuphunzira ntchito pa makina oumba chitsulo mosalekeza, ndipo funso lake ndi ili: "Amalume, tikamadzaza tundish koyamba, mkulu wina amati tsegula kwambiri chitsulo chisazizire, wina amati tsegula pang'ono chisamwazike. Ndimvere ndani?"

Mphwanga, kalata yako yandisangalatsa. Ng'anjo za ZISCO, fakitale yakale ya zitsulo ya ku Redcliff kuno ku Zimbabwe, zitazima mu 2008, ambiri tinkaganiza kuti luso limeneli lithera mwa ife achikulire. Tsopano ku fakitale yatsopano ya ku Manhize anayamba kusungunula chitsulo mu 2024, ndipo ana ngati iwe mwayambanso kufunsa mafunso otere. Akulu ako awiriwo onse akunena zoona, kungoti aliyense akunena za mphindi yake.

Kwa amene sanalowepo m'fakitale yotere: chitsulo chimabwera chili madzi, kutentha kwake kuli cha m'ma digiri 1550, chili mu ladle, chimphika chachikulu cha njerwa zosapsa ndi moto. Pansi pake pali slide gate, kachitseko kotsegula ndi kutseka bowo lotulukira chitsulo. Chimatsika m'paipi yotchedwa shroud n'kugwera mu tundish, chiwiya chachitali ngati bafa, chimene chimagawira chitsulo ku ma mould, zikombole za mkuwa zozizitsidwa ndi madzi. Kumeneko n'kumene billet, mpiringidzo wautali wa chitsulo chouma, imabadwira.

Iwe wakulira ku Highfield, mzere wa pa mjigo ukuudziwa. Madzi akamagwera m'chidebe chopanda kanthu amasokosa, amadumpha, amachita thovu. Ukalowetsa paipi mpaka kukamwa kwake kumire, phokoso limatha ndipo chidebe chimadzaza mwakachetechete. Tundish nayo ndi chimodzimodzi, koma malo amene madzi amalemera tani imodzi, chitsulo chimalemera matani 7. Chikagunda pansi pouma chimaperesa njerwa, chimathamanga mpaka kukhoma lakutali, n'kubwerera ngati funde.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi mpweya. Kumwazikako maso amakuona, koma zimene mpweya umachita zimakaonekera mochedwa. Anzako a ku ng'anjo amakhala atavutika kuchotsa okosijeni m'chitsulomo, nthawi zambiri pothira aluminiyamu. Dontho lililonse lodumpha likakumana ndi mpweya, aluminiyamu uja amagwirana ndi okosijeni n'kupanga alumina. Alumina sasungunuka mpaka kutentha kupitirire digiri 2000, choncho m'chitsulo chamadzi amakhala ngati timchenga tolimba. Timeneti timamatirira m'kati mwa nozzle, njira yotulukira chitsulo pansi pa tundish, mpaka kuitseka, ndipo timene tadutsa timakakhala m'kati mwa billet, kudikira kudzang'ambitsa waya kapena ndodo yachitsulo pamene akuipsinja. Nayitrojeni nayenso amalowa nthawi yomweyo, ndipo akalowa satulukanso mu tundish. N'chifukwa chake mamita oyamba a chitsulo pa makina ambiri amadulidwa kapena kutsitsidwa giredi.

Ndiye cholinga chako n'chimodzi: kukamwa kwa shroud kumire msanga, koma popanda chipwirikiti.

Ntchito imayamba chitsulo chisanafike. Tundish iotchedwe mpaka kupitirira digiri 1000, ndipo ikachoka pamoto isakhalitse. Mukhale mouma, chifukwa chinyezi ndi chitsulo chamadzi zimaphulika. Ngati pali argon, mpweya wosagwirana ndi chitsulo, athamangitse mpweya m'katimo ndi polumikizira shroud. Kumbukiranso mchenga umene amathira m'bowo la ladle kuti chitsulo chisaumiremo. Kawirikawiri umakhala wa chromite, mwala womwe uja umakumbidwa ku Great Dyke, mzere wa mapiri wodutsa pakati pa Zimbabwe. Ndi umene umayamba kutuluka, ndipo pamene makina amalola, ndi bwino kuutayira kumbali usanalowe mu tundish.

Kenako yang'ana impact pad, chimbale cholimba chokhala pansi pa shroud. Milomo yake imapindikira m'kati kuti chitsulo chikagunda chibwerere m'mwamba, mphamvu yake ithere pompo. Zimenezi zimatheka pokhapokha shroud italunjika pakati penipeni. Pa fakitale ina imene ndinagwirako, usiku wina shroud inapendekeka pang'ono chabe. Chitsulo chinagunda pamlomo wa chimbalecho, chinathamangira mbali imodzi, ndipo nozzle yakumeneko inatsekeka tisanamalize ladle yoyamba. Kuyambira tsiku limenelo sindinkalola kutsegula ndisanasuzumire ndekha.

Tsopano pa kutsegula. Poyamba penipeni mvera mkulu wachiwiri uja. Tsegula mwapakati, chimbale chidzaze, pansi pakhale dziwe lolandira chitsulo chobwera. Koma usachite ulesi pamenepa, chifukwa chitsulo chimangokhala ndi digiri 20 kapena 30 pamwamba pa poyambira kuuma, ndipo njerwa zimamwa kutentha ngakhale zitaotchedwa. Ukachedwa, chitsulo chimakafika ku nozzle yakumapeto chitazizira, n'kuumira pomwepo. Kukamwa kwa shroud kukangomira, mvera mkulu woyamba. Tsegula kwambiri, tundish ikwere msanga, popeza tsopano mtsinjewo uli pansi pa chitsulo chinzake ndipo sukukokanso mpweya.

Ufa wophimbira pamwamba, pamodzi ndi phulusa la mankhusu a mpunga losunga kutentha, uthiridwe shroud itamira. Anyamata ambiri amafulumira nawo poganiza kuti akuteteza chitsulo. Ukathira msanga, mtsinje umaukankhira pansi n'kuusakaniza ndi chitsulo, ndipo chophimba chija chimasanduka chinyalala. Ukatha kuthira, yang'ana mozungulira shroud. Ukaona diso lofiira pamene ufa wakankhidwa, dziwa kuti watsegula mopitirira kapena argon wachuluka.

Stopper, ndodo yosapsa ndi moto yotseka nozzle, isatsegulidwe chitsulo chisanafike pa mlingo wolembedwa pa makina anu. Chikakhala chochepa, pamwamba pa nozzle pamachita kamvuluvulu ngati madzi otsika m'sinki, ndipo kamakokera slag, chinyalala choyandama pamwamba pa chitsulo, ndi ufa mu mould. Pa makina ena a billet opanda stopper amaimika kapaipi pamwamba pa nozzle kuti chitsulo choyamba, chozizira ndi chakuda chija, chisalowe mpaka mlingo utakwera. Tundish ikayandikira kudzaza, bweza slide gate pang'onopang'ono mpaka cholowa chifanane ndi chotuluka. Apa khulupirira sikelo yoyeza kulemera kwa tundish kuposa maso, chifukwa ufa umabisa mlingo weniweni.

Pali chinthu china chimene ndikufuna uyese kunyumba. Akatswiri amaphunzira zonsezi pogwiritsa ntchito madzi m'ma tundish a pulasitiki yoonekera, chifukwa madzi wamba amayenda mofanana kwambiri ndi chitsulo chamadzi. Pita kumsika wa Magaba ku Mbare, upeze chidebe chachitali choonekera ndi kapaipi. Ika kapu pansi pa paipiyo ngati impact pad, uthire utoto pang'ono m'madzi. Yesa paipi ili m'mwamba, yesanso itamira, kenako uipendeke dala. Utotowo ukusonyeza njira imene chitsulo chimadutsa pamene maso sangaone.

Kuntchito khala ndi kabuku m'thumba. Nthawi iliyonse mukayamba, lemba masekondi amene apita shroud isanamire, matani amene anali mu tundish pamene munatsegula stopper, kutentha kwa chitsulo, ndiponso ngati nozzle inavuta. Mukayamba ka 20, undilemberenso manambalawo tidzaone limodzi.