Kwa achemwali ofunsa za tiyi wochepetsa mimba

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwati muli ndi zaka 48, kusamba kwayamba kudumphadumpha, ndipo mimba yatuluka moti yunifolomu ya Mvano yakana kulowa, bambo akunyumba nawo sakusiya kuyinena. Masana onse kuntchito ya m'nyumba ku Randburg, kuno ku Joni, mumangokhalira tiyi wopanda shuga, koma mukafika ku Rosettenville usiku mumadya osaleka, buledi wathunthu ndi zotsala za ana zomwe. Manyazi akakugwirani mumamwa tiyi wotsegula m'mimba, nthawi zina kudzisanzitsa kumene. Ndiye mukufunsa tiyi wamphamvu kuposa ameneyu kuti Disembala mukafike kumudzi muli bwino.

Ena akutchulirani kale mayina a matiyi. Ine sinditchula, ndipo ndikukupemphani kuti ngakhale amene muli nayeyo mumusiye. Zimene mwafotokozazi ndi matenda odziwika kuchipatala. Kudya kwambiri nthawi imodzi munthu osatha kudziletsa, kenako n'kuchotsa chakudyacho posanza kapena ndi mankhwala, madokotala amakutcha bulimia. Wotsimikiza ndi dokotala akakuonani, koma zizindikiro zake ndi zomwezi. Ambirife timayesa kuti ndi matenda a atsikana a azungu a ku Sandton. Amayi akuda achikulire nafenso timadwala, kungoti timadziwa kubisa. Timati "ndadya kale kuntchito", kapena "sabata ino ndikusala", anthu n'kumatitamanda kuti ndife opemphera.

Matiyi ambiri ogulitsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp amakhala ndi masamba a senna, omwe ntchito yake ndi kutsegula m'mimba basi. Senna amagwira m'matumbo aakulu, kumapeto kwenikweni, pomwe zofunika za m'chakudya zimakhala zitalowa kale m'thupi kudzera m'matumbo aang'ono. Zimene mumataya kuchimbudzi ndi madzi ndi mchere wa m'thupi. Sikelo imatsika m'mawa, mukamwa madzi imabwerera pomwepo, mafuta ali chikhalire. Mu mchere ukutayikawo muli potaziyamu, amene amathandiza mtima kugunda mwadongosolo. Akachepa kwambiri mtima umasokonekera, ndipo munthu amatha kugwa n'kumwalira thupi likuoneka labwinobwino, abale osadziwa n'komwe kuti ankadwala. Kudzisanzitsa kumatayitsa potaziyamu yemweyo, komanso asidi wa m'mimba amadya mano ndi kuwononga kummero. Mukasiya tiyiyo mutha kudzimbidwa ndi kutupa mapazi masiku oyamba chifukwa thupi limayamba lasunga madzi. Zimenezo zimatha, musathamangire kugula wina poganiza kuti mwanenepa. Jakisoni wa Ozempic, wa matenda a shuga amene ena amabayitsa kuti aonde, wogula kwa munthu wamba nayenso ayi. Bungwe loona za mankhwala kuno la SAHPRA linachenjeza kale kuti pali wachinyengo amene akugulitsidwa pa intaneti.

Kudya kwa usiku kuja musakutche dyera. Taganizani tsiku lanu: kudzuka kusanache, kusintha takisi m'tauni, kukolopa, kusita, kubereka mwana wa abwana, kuphika chakudya chimene simulawa, m'mimba muli kapu ya tiyi yokha. Thupi silidziwa kuti mukukonzekera Disembala. Limangoona ngati kwagwa njala ya mu Febuluwale ija ya kumudzi, ndiye likapeza chakudya limafuna kumaliza chonse. Mawa lake mumadzilanga podzimana kwambiri, usiku zomwezo n'kubwereranso. Chimene chimadula mzere umenewu ndi kudya masana, ndipo ndi pamene madokotala a matendawa amayambira: katatu pa tsiku, kakudya kochepa pakatipakati, osapitirira maola 4 m'mimba muli mbee. Ndikudziwa kuti zikuopsa kumva kuti mudye pomwe mukufuna kuonda, koma munthu amene wadya masana safika kunyumba akunjenjemera.

Sizifuna ndalama zambiri. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mazira awiri owiritsa mutanyamula m'chikwama. Masana kabakuli ka nsima ntanda umodzi kapena iwiri, nyemba ndi sipinachi kapena kabichi. Usipa ndi matemba zimabwera ndi mabasi a kumudzi, ndipo nsomba zouma mumazipezanso pamsika wa ku Yeoville. Nsomba za m'chitini zodyera limodzi ndi minga yake, komanso amasi, chambiko chathu chija, zimapatsa mafupa kashiamu, ndipo pamsinkhu wathuwu mafupa ndi oyenera kuwasamala kwambiri. Nsima musaileke. Amene amaileka kotheratu ndi amene amakamaliza buledi usiku.

Za mimbayo tsopano. Amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55. Homoni ya estrogen ikamatsika, mafuta amene ankakhala m'chiuno ndi m'ntchafu amayamba kusonkhana pamimba, minofu imachepa pang'onopang'ono, tulo timavuta chifukwa cha kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ndipo wosagona bwino amamva njala kwambiri. Simunalakwitse kalikonse. Palinso mankhwala amene amanenepetsa ena, monga jakisoni wolera wa Depo. Kafukufuku wa ADVANCE, amene anachitikira mu Johannesburg momwe muno ndipo zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2019, anapeza kuti omwa ma ARV okhala ndi dolutegravir ankanenepa kuposa omwa efavirenz, makamaka amayi. Sindikukufunsani pagulu ngati mumamwa, ndikungonenera aliyense amene akuwerenga: TLD, ARV wokhala ndi dolutegravir uja, musamusiye chifukwa cha sikelo, kakambiraneni ndi anesi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimanenepetsanso, ndipo chimadziwika poyeza magazi.

Choncho pitani kukiliniki ya boma ya kufupi ndi kwanu sabata yomwe ino. Mukakalowa musakanene kuti mukufuna kuonda, chifukwa akangokupimani pasikelo n'kukupatsani pepala la zakudya. Kaneneni zonse monga mwalembera pano: kuti mumadzimana masana, mumadya osatha kuleka usiku, mumadzisanzitsa kangati pa sabata, mwamwa tiyiyo miyezi ingati. Paketi yake mukaitenge akaone zolembedwapo. Ngati Chingerezi chingakuthaweni ndi manyazi, lembani papepala muli kunyumba mukangopereka. Kapempheni kuti akuyezeni magazi aone potaziyamu, impso, shuga ndi chithokomiro, komanso BP ndi kagundidwe ka mtima. Kenako pemphani kalata yokaonana ndi katswiri wa kadyedwe ndi wa za maganizo. Chipatala cha boma cha Tara ku Hurlingham chili ndi gawo la matenda a kadyedwe amenewa, koma kumeneko munthu amachita kutumizidwa ndi dokotala. Mukamva za maganizo musaganize za misala. Ndi anthu okhala nanu pansi n'kukuthandizani kumasula chizolowezi chimene chakumangani.

Tonse tikudziwa kuti pazipata za makiliniki ena obwera akumabwezedwa. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Tengani pasipoti kapena pepala lililonse limene muli nalo, mupite ndi mnzanu, ndipo pakavuta pena yesani kiliniki ina. Bungwe la SADAG, lomwe lakhala likuthandiza anthu a nkhawa ndi opsinjika maganizo kuyambira 1994, lili ndi nambala yaulere, 0800 567 567. Usiku wina maganizo akakulemerani mpaka kuona ngati moyo ulibe phindu, imbani pomwepo.

Kusala kudya kwa kutchalitchi mupumire kaye. Auzeni amayi abusa pambali kuti muli pa chithandizo; odwala shuga amaloledwa kudya, inunso chimodzimodzi. Yunifolomu ipititseni kwa telala aikulitse, atelala a kwathu ndi ambiri m'tauni muno. Chovala chothina chimakukumbutsani mimba tsiku lonse. Sikelo ya kubafa ipatseni wina, muzikayezedwa kukiliniki kokha.

Anthu a kumudzi simungawakhutiritse. Mukafika wonenepa akuti Joni yakukondani, mukafika woonda ayamba kunong'onezana za kachilombo. Amenewo asiyeni. Mawu amene akundipweteka ndi a bambo akunyumba, chifukwa mumawamva tsiku ndi tsiku. Mwina iwo amayesa nthabwala. Pezani nthawi ana atagona muwauze kuti mawuwo akukudwalitsani mpaka mukumadzisanzitsa. Akapanda kumva, ankhoswe ntchito yawo ndi yomweyi, ngakhale pa foni. Ngati muli ndi mwana wamkazi m'nyumbamo, dziwani kuti akuona zonse, mbale yanu ndi zimene bambo ake amanena.

Mukamva mtima kuthamanga kapena kudumpha, chizungulire chofuna kukugwetsani, miyendo kufooka kapena kukokana, kapena mukaona magazi m'masanzi, musadikire mzere wa kukiliniki, pitani ku casualty, gawo la chipatala la odwala mwadzidzidzi, nthawi yomweyo. South Rand Hospital ili ku Rosettenville komweko. Ngati mukusowa woperekeza, ndilembereni pambali. Lachinayi ndimakhala pa ofu, tikhoza kupitira limodzi.