Phokoso la tcheni m'mawa: yankho kwa amayi a ku Chilenje

Amayi ena a ku Chilenje, kuno ku Lusaka, anandilembera sabata yatha kuti Toyota RunX yawo ya 2003 imachita phokoso ngati la unyolo wokokedwa pa simenti akangoiliza m'mawa, phokosolo n'kutha pakadutsa masekondi atatu kapena anayi, ndipo makaniko wawo wawauza kuti timing chain, tcheni ya m'kati mwa injini, yatha, choncho agule injini ina yathunthu. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona. Kalata yawo ndaiwerenga katatu, chifukwa phokoso limenelo ndimalidziwa bwino, ndipo linandidyera ndalama zimene ndinasungira fizi ya ana ya temu yonse.

Yanga inali Nissan Sunny ya B15, ya injini ya QG15DE, imene ndinaitanitsa ku Japan n'kulowa nayo pa Nakonde kuchokera ku Dar es Salaam. Inandisunga zaka zinayi popanda vuto lalikulu. Phokoso linayamba mu June, nthawi imene ku Lusaka kuno kumazizira mpaka zala kuuma pa chiwongolero, ndipo ine ndinkangoti ndi chisanu basi. Kenako nyale ya check engine inayaka, galimoto inayamba kuvuta polira, nthawi zina n'kuzima pa maloboti. Makaniko amene ndinkapitako anailumikiza ku kompyuta, inatulutsa nambala ya P0340, imene imaloza ku sensa ya camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu a injini, ndipo tinasintha sensayo. Patatha milungu itatu nyale inayakanso, tinagulanso sensa ina. Za phokoso la m'mawa anandiyankha mosakayika kuti, "Achimwene, injini yakalamba iyi, thirani 20W-50, oilo wolimba, muona ikhala chete." Ndinathira, ndipo phokoso linachepadi.

Kumapeto kwa August tinanyamuka ndi akazi anga komanso apongozi anga aamuna kupita ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana chaka ndi chaka pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Apongozi anali atauyembekezera ulendowo miyezi ingapo. Mapiri a Manenekela tinawadutsa bwinobwino, ndipo tinaima pa msika wa pafupi ndi mlatho wa Luangwa kuti tidye ndi kugula nsomba zouma. Titabwerera m'galimoto ndinapotoza kiyi, ndinamva kuti gwa! kamodzi kokha, kenako sitata inayamba kuzungulira mopepuka ndi mothamanga, ngati palibe chimene ikukankha. Munthu amene anamvapo kulira kumeneko sakuiwala, pakuti kumatanthauza kuti mu injini mulibenso compression, kutanthauza kuti mapisitoni sakupanikizanso mpweya. Apongozi anakhala pa mwala pansi pa mtengo, chipewa chili pa bondo, akuyang'ana mabasi a ku Chipata akudutsa, ndipo sanandidzudzule ngakhale pang'ono. Dzuwa litapendeka anangoti, "Bambo, funani lole, tibwerere ku Lusaka." Chaka chimenecho ku Kulamba sanafike.

Injiniyo anaitsegula mmisiri wina wachikulire wa ku Matero, ndipo iye ndi amene anandiphunzitsa zimene ndikulemba pano. Anakoloweka tcheni yakale ndi yatsopano pa msomali umodzi, ndipo yakaleyo inapitirira inzake pafupifupi ndi theka la mfundo. Kenako anatenga valavu imodzi n'kuigubuduza m'mphepete mwa galasi, mutu wake ukutsimphina chifukwa inali itapindika. M'sampu, mosungira oilo pansi pa injini, anatulutsamo tizidutswa ta pulasitiki yofiirira, zotsalira za guide imene tcheni imakwawapo. Tcheni ndi imene imalumikiza crankshaft ya pansi ndi camshaft za pamwamba, kuti crankshaft ikazungulira kawiri camshaft izungulire kamodzi, mavalavu azitseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake pisitoni isanawapeze. Sitambasuka ngati mpira ayi, koma timapini ta m'mfundo zake timaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo popeza mfundozo ndi zoposa 100, kupereperako kukaphatikizidwa tcheni imatalika. Camshaft imayamba kutsalira, kompyuta ya galimoto n'kuona kuti sensa ya pansi ndi ya pamwamba sizikugwirizana. Sensa ziwiri zimene ndinataya zija zinali zabwinobwino, zinkangonena zoona.

Chimene chimakunga tcheni ndi tensioner, kachitsulo kokankhidwa ndi mphamvu ya oilo. Galimoto ikagona usiku oilo amatsikira m'sampu, ndipo pa masekondi oyamba a m'mawa tcheni yotalikayo imakhala yolendewera mpaka oilo atafika. N'chifukwa chake phokosolo limabwera poliza n'kutha lokha, ndipo n'chifukwa chakenso tcheni zambiri zimalumpha mano pa nthawi yoliza, osati galimoto ili pa liwiro. Apa ndiye ndikufuna ndilankhule mosabisa mawu. Kuthira oilo wolimba m'injini yopangidwira oilo wopepuka ngati 5W-30 pofuna kuthetsa phokoso la tcheni si kukonza galimoto, ndi kutseka pakamwa wodwala amene akubuula. Oilo wolimbayo akazizira amayenda mochedwa m'timabowo ting'onoting'ono topita ku tensioner, ndipo tcheni imapitiriza kudya guide mwini galimoto ali ndi mtendere wabodza.

Palinso chikhulupiriro chimene chafala pakati pathu, chakuti galimoto ya tcheni sisamalidwa. Tinazolowera Corolla zakale za injini ya 5A-FE zimene zinali ndi lamba, ndipo aliyense ankadziwa kuti lambayo amasinthidwa pa makilomita 100,000. Zitabwera za tcheni, ogulitsa anayamba kutiuza kuti izi ndi za moyo wonse. Tcheni imakhalitsadi, koma moyo wake uli mu oilo. Munthu wochokera ku Chelstone kupita m'tauni amatha ola lathunthu pa Great East Road injini ikulira, makilomita oyendedwa ali ochepa, fumbi la September lili paliponse, ndiye iye n'kumawerenga makilomita okha kuti adziwe nthawi yosinthira oilo. Ine masiku ano sindidutsa makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kufika. Ndipo injini zogula kale zimene amatilimbikitsa kuti tigule, palibe amene angatiuze kuti mwini wake woyamba ankaisamala bwanji. Mutha kugula ina ya tcheni yotha kuposa yanuyo, n'kulipiranso woichotsa ndi woiika.

Tibwerere ku RunX yanu

Amayi, musagule injini chifukwa cha phokoso la masekondi anayi. Ngati RunX yanu ndi ya 1.5, injini yake ndi 1NZ-FE, ndipo tcheni za injini imeneyi zimadziwika kuti zimapirira kuposa za Sunny yanga ija. Pa injini za Toyota za VVT-i, zimene zimasintha zokha nthawi yotsegulira mavalavu monga 1NZ-FE imeneyi, palinso china chimene chimalira chimodzimodzi m'mawa, ndicho giya ya VVT-i ya kumutu kwa camshaft, kapini kake kotsekera kakasiya kugwira bwino. Ngakhale fyuluta yotchipa imene sisunga oilo usiku imabweretsa phokoso lomwelo. Choncho yambani ndi zotsika mtengo: onani mlingo wa oilo, sinthani oilo ndi fyuluta n'kuthira amene buku la galimoto likunena, ndipo mumvetsere m'mawa uliwonse kwa sabata imodzi. Phokoso likapitirira, siyani galimoto igone kwa makaniko kuti alimve yekha injini ili yozizira, aiwerenge pa kompyuta ngati pali nambala monga P0016, yonena kuti crankshaft ndi camshaft zasiyana, ndipo achotse chivundikiro cha pamwamba inu muli pomwepo, aone ngati tcheni ikulendewera, ngati zizindikiro za timing zikukumana, komanso ngati m'katimo mwadzaza matope akuda a oilo wakale.

Ikapezekadi kuti yatha, asinthe zonse pamodzi, tcheni, tensioner, guide, magiya a mano ndi seal ya kutsogolo kwa crankshaft, chifukwa tcheni yatsopano pa mano otha sikhalitsa. Mfundo zopakidwa utoto pa tcheni ziyenera kukumana ndi zizindikiro za pa magiya, ndipo asanalize injini azungulitse crankshaft ndi dzanja kawiri kuti atsimikize kuti palibe chogunda. Pa 1NZ-FE pampu ya oilo ili m'chivundikiro cha tcheni momwemo, choncho silikoni apake wochepa, chifukwa wofinyikira m'kati amakatseka sefa ya m'sampu. Sampuyo aitsitse n'kuitsuka. Zitsulo zakale akupatseni m'manja, ndipo tcheni yakaleyo muikoloweke pa msomali pamodzi ndi yatsopano isanaikidwe. Ngati phokoso layamba kumveka injini itatentha, kapena galimoto yayamba kuzima yokha, musailizenso, ikokedwe kupita kwa makaniko, ndipo ulendo uliwonse wautali uyembekeze kaye mpaka chivundikiro cha pamwamba chija chitatsegulidwa.